Fupa la m'khosi mwa Marita

Amuna anga, a Yoswa Kwenda, ndi munthu wabwino, ndisawanamizire. Sanandikwezerepo dzanja, mowa salawa, kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo. Koma Chingerezi, abale inu, chinawalowa ngati matekenya. Ngakhale nkhuku zikalowa m'nyumba ankazipirikitsa m'Chingerezi, ndipo zikapanda kutuluka ankandiyang'ana ine ngati ndine ndazikaniza sukulu. Ine Lenia ndinalekezera Sitandade 2, ndiye ndinkangowaleka amalize, kenako n'kutenga tsache.

Cha m'ma 1978 anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya mpingo kuseri kwa mapiri a Ntchisi, njira yopita ku Kasakula. Pasukulupo anaikapo lamulo la fupa. Linali fupa la mwendo wa ng'ombe, loboola kumutu, lomangidwa pa chingwe cha khonje. Mwana wa Sitandade 5 kupita m'mwamba akangolankhula Chichewa pabwalo la sukulu ankalivala m'khosi. Kuti alivule, ankayenera kutchera khutu mpaka agwire mnzake, n'kumuveka. Amene belu lowerukira lamupeza nalo ankatsala pa chibalo, kutchetcha udzu kapena kuzula zitsa m'munda wa sukulu. Masukulu ambiri ankatero, koma a Kwenda ankalinyadira lamuloli ngati analilota okha.

Ndiye fupalo linadzakakamira m'khosi mwa mwana wathu yemwe.

Marita ndi chitsiriza chathu, ndipo chaka chimenecho anali Sitandade 7. Mwana wolongolola chibadwire, anatengera ine, sindikana. Teremu ya dzinja itangoyamba analivala fupalo Lolemba. Lachiwiri linali pomwepo. Sabata inatha, mwezi unatha, anzake akuweruka iye akunyamula chikwanje. Bambo ake ankafika kunyumba nkhope ili ndwii, jekete n'kungoliponya pampando. Ankati aphunzitsi anzawo akuwaseka chamumtima, kuti mwana wa mphunzitsi wamkulu ndi amene wasanduka mwini fupa. Tsiku lina tikudya anangoti mwanayu mutu wa Chingerezi alibe, ndipo teremu ikatha fupa likadali m'khosi adzamuchotsa sukulu, akathandize ku fodya kwa alongo awo ku Dzoole. Ndinawaopseza kuti ndikawauza amalume ake a mwanayo. Anati amalumewo akaweruze za ukwati, za sukulu sazidziwa. Ndinachita mantha, chifukwa a Kwenda akanena chinthu sabweza.

Chingwe chija chinamutupula Marita kuseri kwa khosi, ndiye madzulo ena ndikumupaka mafuta a nsatsi ndinamufunsa bwinobwino. Ndinati kodi pasukulu ponsepo palibe wina amene amaphonya lilime, ndiwe wekha? Anaseka. Anati onse amaphonya, ndipo iye amawamva.

"Nanga ndimuveke yani, amayi?" anatero. "Ester amawoloka mtsinje, akatsala pa chibalo afika kwawo kutada. Agnesi amayi ake akudwala, amaphika ndi iyeyo. Ine kwathu m'pompano."

Ndinafuna kumukalipira ndi kumukumbatira nthawi imodzi. Mwana wopusa, mwana wabwino. Ndinakawafotokozera bambo ake, koma anati chimenecho n'chowiringula cha munthu waulesi, ndipo ngakhale chikhale choona, pa mayeso salemba chifundo. Zinathera pomwepo.

M'masiku omwewo kunabwera mlendo. Anali mtsikana wa ku yunivesite ku Zomba, dzina lake Debora, ndipo anafika pa ngolo chifukwa galimoto imene anakwera inatitimira m'matope kumunsi kwa chitunda. Anali ndi chilolezo cha ku Boma ndi cha apampando a chipani, komanso kabokosi kakuda kojambulira mawu. Anati akufufuza mmene ana a m'midzi amaphunzirira Chingerezi, ndi chinenero chimene anthu amalankhula pamalo osiyanasiyana. Popeza nyumba ya alendo kunalibe, anagona kwathu, chipinda chimodzi ndi Marita.

Kabokosiko kanavuta. Masiku amenewo munthu wachilendo wojambula mawu sankasekeredwa, aliyense ankati ndi kazitape. Akafika pachitsime amayi ankangoti zii, wina n'kuyamba nyimbo ya chipani, ena onse n'kuvomera mokweza kuti kabokosiko kamve bwino. A Agustino osoka nsapato ankamuonetsa khadi la chipani akadali kutali, asanapereke n'komwe moni. Debora ankangoseka, n'kuvula nsapato, n'kundithandiza kusenza madzi. Atayamba kutsuka nawo mbale ndi kupempha nkhwani wotendera, anthu anaona kuti ndi mwana ngati ana athu omwe.

Mafunso ake ndiye anali oseketsa. Anandifunsa kuti ndimapemphera m'chinenero chanji, ndimakalipira ana m'chinenero chanji, ndikalota anthu a m'malotowo amalankhula chiyani. Ndinamuuza kuti ine chinenero ndili nacho chimodzi, ndipo chimandikwanira kupempherera ndi kukalipira komwe. Anafunsanso kuti a Kwenda akadwala amabuula m'chinenero chanji. Ndinati akafunse eni ake, ine za m'nyumba sindiulula.

A Kwenda anasangalala naye mlendoyo kwabasi. Nsapato ankapolisha m'mawa uliwonse, tayi wa pa Khirisimasi anatuluka m'sutikesi. Anauza ana kuti mlendo wa ku Zomba akamve sukulu ya Chingerezi chokhachokha. Debora ankakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo nthawi ya buleki ankaika kabokosi kake pa chitsa pakati pa bwalo, iye n'kupita kukakhala patali.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe anatitsegulira kabokosiko pakhonde kuti timve za pa buleki. Tinamva mphepo m'mabulugamu. Tinamva mbuzi, ndi mapazi a ana akuthamanga. Ana ochuluka chonchija, koma mawu a munthu osamveka, kupatula mawu amodzi, ndipo ndinawazindikira msanga. Anali Marita, akulongolola ngati mpheta, uku Chingerezi uku Chichewa, akufotokozera wina za masamu, akufunsa wina dzina la chinthu, akadziphonya n'kudziseka yekha.

A Kwenda anagwedeza mutu. Anati mwamva nokha, sukulu yonse palibe wolankhula Chichewa koma mwana uyu. Debora anatseka kabokosiko, manja n'kuika pamaondo mwaulemu.

"Zoona, abambo," anatero. "Koma Chingerezinso sindinachimve kwa wina aliyense. Enawo akuopa fupa, ndiye angotseka pakamwa. Uyu ali nalo kale, palibe chimene akuopa."

Ndinaona khutu la a Kwenda likugwedera, ndipo ndinadziwa kuti mawuwo alowa koma sakulandiridwa. Anamuuza kuti iwo anayamba kugwira choko iye asanabadwe. Debora anavomera kuti n'zoona. Tsiku lotsatira a Kwenda anandiuza kuti ndichape bulangete la Marita ndi kumupezera kathumba ka ulendo wa ku Dzoole, pakuti Lachisanu sukulu ikutsekera. Bulangetelo sindinachape. Ndinati sopo watha, pamene sopo anali m'nkhali.

Kutatsala tsiku limodzi kuti atsekere, Debora anawapempha kuti awajambule iwonso, afotokoze mmene anaphunzirira Chingerezi chawo chokomacho. Apa ndiye anawakanda poyabwa. Anati asajambulidwe mu ofesi ayi, koma pabwalo, sukulu yonse ikumva, kuti ana atengerepo phunziro. Anatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mbawa, ana anakhala pansi m'mizere, aphunzitsi pamabenchi. Ine ndinaima kumpanda ndi ndowa ya thobwa la mlendo, ngati ndikungodutsa. Marita anali mzere wa kutsogolo, fupa lili lende pa yunifolomu.

Analankhula, abale. Ine sindinamve kanthu, koma Marita anadzandimasulira pambuyo pake. Ananena za sukulu ya udzu kwawo ku Dowa, za kulemba pansi ndi chala, za kuyenda wapansi kupita ku mishoni atasenza ufa pamutu. Dzanja limodzi lili m'thumba, linalo likuloza kumwamba. Kenako Debora anafunsa kuti nanga kunyumba ankayeserera ndi yani, popeza m'mudzimo munalibe wodziwa Chingerezi. Anayankha kuti ndi amayi awo, malemu aNamwale. Akaweruka ankaima pakhomo n'kulakatula zonse zimene aphunzira, amayiwo akuswa mtedza pa lichero. Debora anafunsa kuti tsono amayiwo ankati chiyani.

Dzanja lija linatsika. Apongozi anga aja ndinawadziwa, munthu wa mawu ofewa, ndipo mawu amenewo sakanatheka kuwaveka tayi.

"Ankati, 'Bwerezanso, Yoswa mwana wanga. Sindikumva kanthu, koma ukamalankhula mtima wanga uli mbee.'"

Anatero m'Chichewa, pabwalo la sukulu, ndipo sanadzimve. Anapitiriza momwemo, mawu atatsika ngati akulankhula nane kuchipinda. Anati ankaphonya kwambiri masiku amenewo, mawu ena ankangopeka, koma amayi awo sanawasekepo ngakhale tsiku limodzi. Ankangowapatsa mtedza m'manja n'kunena kuti ayambirenso. Anatulutsa kampango n'kupukuta magalasi amene sanali akuda.

Atakweza maso anapeza bwalo lonse lili chete, ana akuyang'anana, aphunzitsi akuyang'ana nsapato zawo. Ndiye ndinaona Marita akudzuka. Ndinati mwana uyu wapenga, ku Dzoole apita lero lomwe, ndipo bulangete apita nalo losachapa.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka patebulo. Anagwada monga ndinamuphunzitsira, anavula fupa lija, n'kulipereka ndi manja awiri. Analankhula m'Chingerezi, momveka, osathamanga. Anandiuza pambuyo pake kuti anati akupepesa kwambiri, koma wamva aphunzitsi aakulu akulankhula Chichewa pabwalo la sukulu, ndipo teremu yonseyi ndi munthu woyamba amene wamugwira yemwe kwawo n'kufupi.

A Kwenda anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anayang'ana fupa, anayang'ana chilonda cha pakhosi chimene chinkaonekera pa kolala. Ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo ndi limene anachiona koyamba. Kenako anawerama, dazi lonse poyera, ndipo Marita anawaveka chingwecho pamwamba pa tayi wa pa Khirisimasi. Palibe mwana amene anaseka. Ine ndi amene ndinalephera kudzigwira, ndinalira ndi kuseka mpaka thobwa linatayikira pa chitenje.

Belu lowerukira litalira anavula jekete, anapinda malaya, n'kukatenga chikwanje. Aphunzitsi ena anathamanga kukawaletsa, iwo anati lamulo analiika okha. Anatchetcha kuseri kwa Sitandade 6 mpaka thukuta kunyowetsa msana, ana ataunjikana chapatali akunong'onezana. Ankanong'onezana m'Chichewa, ndipo ine ndili kumpanda ndinkawamva bwinobwino. A Kwenda sanatembenuke.

Atafika kunyumba ndinawapatsa madzi osamba, ndipo ndinafunsa mochenjera kuti nanga za ku Dzoole zili pati. Anandifunsa kuti ku Dzoole kwagwanji, kuli maliro? Anati mwana ali ndi mayeso chaka chamawa, ndisamamusokoneze ndi maulendo. Ndinangoti chabwino abambo, ndalakwa ine.

Debora ananyamuka Loweruka pa ngolo yomwe ija, titamupatsira mtedza ndi nkhuku. Zimene anakalemba ku Zomba sindikuzidziwa. Marita anabwerera m'kalasi teremu yotsatira, khosi litapola, ndipo pabwalo paja panayamba phokoso ngati pamsika wa Kasakula, Chingerezi chothyokathyoka ndi Chichewa zili pamodzi.

Lamulo la fupa sanalichotse, a Kwenda sabweza mawu. Fupalo linangokhala kwa iwo. M'mawa uliwonse ankalivala mkati mwa jekete, ndipo akaweruka ankatchetchako pang'ono, moti udzu wa pasukulu paja sunatalikenso. Kuti alivule ankayenera kugwira mwana, koma mpaka anapuma ntchito sanagwire ndi mmodzi yemwe. Ana ankachita kuwadutsa pamphuno akukangana za mpira m'Chichewa, iwo n'kumayang'ana kuphiri. Ndikawafunsa ankati makutu akalamba. Makutu omwewo, ine ndikanong'oneza kukhitchini kuti shuga watha msanga, amamva ali kuchipinda.