Buledi wa Pokhota Msewu

"Ndiye dzenje lija ndibzalemo mbatata?" Taisiya anafunsa, manja ali bii ndi makala. "Masiku onsewa ndakhala ndikusonkha moto kumanda kuti nthaka yozizirayi ifewe. Ana ndinawataya kwa aneba."

Mchimwene wake Gennadi anapitiriza kumangirira bokosi la maliro pa lole. Anafika dzulo lake kuchokera ku tauni ya Magadan atagamula kale: malemu bambo awo, a Ostap, akwera ndege, akaikidwa kwawo ku Ukraine.

"Mlongo, kuno anabwera ali mkaidi. Msewu wa Kolyma uwu anaukumba ndi piki, mfuti ili pamsana. Ndiwasiye pano?"

"Anawamasula inu musanabadwe, achimwene. Njira ankaidziwa, anaimanga okha. Anabwerera kwawoko?"

Taisiya anali atatopa nazo zokangana. Anakulunga buledi wa paulendo n'kukwera nawo kutsogolo.

Ananyamuka. Pokhota pena, popanda nyumba ngakhale chikwangwani, dalaivala Yefim, mnzawo wa malemu, anaimitsa lole.

"Chavuta n'chiyani, madala?" Gennadi anafunsa.

"Mwendo waponda wokha buleki. Ndikanyamula Ostap, pano sitimangodutsa."

Taisiya anayang'ana mchimwene wake ndipo anaona kuti wakumbukira. Ali ana ankalira ndi chisanu m'galimoto, bambo ali panja, chipewa kumanja, akunyenyera buledi pamsewu. Akaidi ofera pantchito sankawakumbira manda, ankangowakwirira mumsewu momwemo. "Anzanga awa anafa asanakhutepo," bambo ankatero pokwera.

Taisiya ananyema buledi uja n'kumuika pamwendo pa Gennadi.

"Tsikani. Ine miyendo yatupa."

Gennadi anatsika. Anaima kanthawi ngati mlendo wosowa pokhala, kenaka anavula chipewa chake cha m'tauni. Anakhalitsa. Pobwerera makutu anali atafiira psuu, ndipo anakhala pansi osayang'ana aliyense.

"Moto wa kumanda uja ukadayaka?" anafunsa.

"Ngati aneba sanakokolole makala."

Gennadi anapukuta mphuno ndi mkono wa jasi.

"Tembenuzani, madala."

Yefim anali atapinda kale chiwongolero. Lole ikukhota, Taisiya anasesera m'dzanja nyenyeswa zomwe zinagwera pa siketi yake, natsitsa galasi pang'ono, n'kuziwaza pamsewu.