Chifuwa cha Tiyese

Mayi Esime ankatha kudziwa nachesi lowola likadali pansi pa dengu, ndiye sakanalephera kuona kuti mwana wawo Tiyese wasintha. Mtsikanayu anali mu Fomu 3, ndipo Loweruka lililonse ankawathandiza kugulitsa manachesi pa boda ya Mwanza, pomwe mathiraki amafola kudikira mapepala. Kale ankaitana makasitomala mpaka amayi anzawo kudandaula kuti akuwalanda malonda. Tsopano ankasinza dzuwa lili paliwombo, mutu uli zyoli, ntchentche zikuchita phwando pamalonda.

Chakudya ankangolawa. Ankadzikanda m'mikono ngati wadutsa m'chitedze. Ndiye panali kachifuwa kosamvera mankhwala, ngakhale mayi akewo ankamugulira mabotolo awiri a mankhwala otsekemera a chifuwa nthawi zonse akawolokera ku Zobue, tsidya la Mozambiki, kukapikula zitenje. Tsiku lomwe anamumva akusanza kuseri kwa bafa, Mayi Esime anati basi, nkhani yadziwika. Munthu wobereka ana asanu sachita kuuzidwa tanthauzo la kusinza, kusanza ndi kukana chakudya.

"Iwe Tiyese, mwezi uno wasamba?"

"Ndasamba, amayi."

"Undiyang'ane poyankha."

Anawayang'ana, koma maso ake anali ngati a munthu wongodzuka kumene. Mayi Esime sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Mtima unawawawa, chifukwa mwa ana awo onse uyu yekha ndiye anafika kusekondale, ndipo anali atauza kale mpingo wonse kuti adzakhala namwino.

Mayi Esime sanavutike kusaka mwini mimbayo. Panali dalaivala wina wa thiraki, a Custodio, bambo wadazi, mmodzi wa anthu aja anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika kufupi ndi boda. Munthuyu ankadutsa madengu khumi a manachesi okoma n'kukagula kwa Tiyese yekha. Akagula sankachoka. Ankanjuta pambali pake, kumulankhula motsitsa mawu, mtsikana ali cheteee. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero mumtima Mayi Esime, ndipo anayamba kumuwerengera masiku.

Loweruka lotsatira Mayi Esime analawirira ku Zobue, n'kubwerako chakumasana ndi mtolo wa zitenje pamutu, mabotolo a Tiyese ali m'chikwama. Atangodutsa pageti anaona dazi lija likung'anima pambali pa dengu lawo. Anadikira mpaka a Custodio atabwerera kuthiraki yawo, n'kuwalondola.

"Bambo, muli ndi mkazi inu?"

"Ndili naye, mayi. Julieta."

"Ndiye mwana wanga mukumufunanji? Manachesi a ena ndi owawa? Ngati mwamuwononga nenani pompano, ndisanaitane anthu."

A Custodio anaika jumbo ya manachesi pa tayala.

"Mukuganiza kuti ali ndi pakati?"

"Sindikuganiza. Ndine mayi ake."

"Alibe pakati mwana uja, mayi. Akumwa sirapu."

Mayi Esime anatsala pang'ono kuseka. Chimwemwe chinawadutsa m'thupi monse, chifukwa kwa milungu itatu pemphero lawo linali limodzi lokha, lakuti isakhale mimba. Koma kukayika sikutha msanga, ndipo wakuba akagwidwa amaloza kwina.

"Mankhwala a chifuwa? Nanga munthu wodwala asamwe mankhwala?"

"Chifuwa chake munachimvapo ali mtulo? Kapena chimabwera mukamakonzeka ulendo?"

Mayi Esime anatembenuka n'kuyang'ana kudengu. Anakumbukira kuti Tiyese ankagona usiku wonse osatsokomola ngakhale kamodzi, koma Lachisanu likafika nyumba yonse inkamva.

A Custodio anafotokoza bwinobwino, osakweza mawu. Anati sirapu ina ili ndi mankhwala oledzeretsa, ndipo achinyamata amaithira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kumamwa pagulu, wina aliyense osadziwa kanthu. Sinunkha ngati kachasu, sifiiritsa maso ngati chamba. Mng'ono wawo Xadreque anayamba choncho ali ndi zaka za Tiyese, ndipo tsiku lina anagona m'thiraki masana osadzukanso.

"Mwana wanu anandipempha kuti ndizimutengera kuchokera ku Tete. Ndinakana. Ndimagula kwa iye kuti ndipeze pomulankhulira, koma sakundimva. Chomwe sindikudziwa n'chakuti akumupatsa ndani. Ameneyo ndikanamudziwa, mayi, sindikanamusiya."

Lamba wa chikwama unawalemera paphewa Mayi Esime. Iwo amene ankadzitama kuti mwana wawo sadziwa fungo la mowa, ndiwo ankawoloka boda sabata ndi sabata kukamutengera, n'kumuuzanso kuti amwe msanga achire. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Sanaulule kwa a Custodio, anangofunsa kuti atani.

"Musamumenye. Ndiponso musangomulanda n'kukhala naye pakhomo, thupi lake lazolowera, adwala zenizeni. Pitani naye kuchipatala ku Boma, mukanene zonse."

Mayi Esime anabwerera padengu. Tiyese atawaona anadzuka msanga, msanga kuposa mmene anadzukira tsiku lonselo. Sanafunse za ulendo, sanawalandire mtolo. Anatsokomola kawiri, maso ali pachikwama.

"Mwandigulira, amayi?"

"Ndagula."

"Patseni."

"Tiyambe tapita kuchipatala akakuyeze chifuwacho."

"Kuchipatala kukatani? Patseni basi, ndikhala bwino."

"Ayi."

Tiyese anagwira chikwama n'kukoka. Mayi ake anakokanso. Kenako mwana uja, amene sanawayankhepo mwamwano chiyambire kulankhula, anawagwira dzanja n'kulipotokola mpaka mtolo wa zitenje unagwa pansi, dengu n'kugubuduka, manachesi n'kumwazikira pansi pa mathiraki. Amayi ogulitsa nawo malonda anaimirira. Wina anakuwa kuti mwana akumenya make, ena anayamba kale kunong'onezana.

Mayi Esime anamva kuwawa mpaka m'phewa, koma chikwama sanachisiye. Anamuyang'ana mwana wawo pafupi, thukuta lili kamukamu pamphumi, milomo ikunjenjemera, ndipo mkwiyo wonse unawathera. Chinatsala ndi mantha.

Tiyese anaona dzanja lomwe wagwira, n'kulisiya ngati lamuotcha. Anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira.

"Ndayesa kusiya, amayi. Kanayi konse. Ndikasiya mafupa amaphwanya, m'mimba mumapota. Ndimaopa kukuuzani."

"Ndamva, mwanawe. Dzuka."

Mnzawo wina wa malonda anawayandikira n'kufunsa chapansipansi ngati mtsikanayo ali ndi pakati, poti anthu akhala akunena. Mayi Esime anayankha mokweza kuti onse amve, asavutike ndi kunong'ona.

"Alibe. Akudwala ndi mankhwala omwe ndimamugulira ine. Amene muli ndi ana otsokomola Lachisanu, kafunseni bwino."

Anaimitsa minibasi yopita ku Boma, manachesi akadali mbwee pansi. Anamukweza Tiyese, n'kukhala pambali pake, chikwama atachipanira pakati pa miyendo. Kondakitala asanatseke chitseko, mtsikanayo anawanong'oneza.

"Amayi, pang'ono pokha, kuti ndikafike."

Mayi Esime anagwira dzanja lake ndi dzanja lawo lotupa.

"Ukafika ndi ine," anatero, misozi ikutsika.