Nkhumba za Kutsidya

Mfuti italira kachitatu, nkhumba yaikazi ya Gimbad inagwa chagada, ana ake akadali kubere. Datuk Lojimin, phungu wa kwawo komweko komanso nduna ya zaulimi ku Sabah, anaima pakhomo la khola atolankhani akumujambula. Ndiye analamula kuti nkhumba zonse m'deralo ziphedwe chifukwa cha chigodola. Khola la Gimbad, mkulu wake, analisungira kumapeto dala, kuti pachisankho anthu adzati uyu sakondera.

"Siikudwala imeneyo!" anakuwa Gimbad. "Nkhumba zomwezi ndi zimene zinakuphunzitsa sukulu, galu iwe!"

"Lamulo lilibe mbale, achimwene."

Chikwanje cha Gimbad chinangoti ng'ani! Lojimin anatchinga ndi mkono, magazi n'kuthovokera pamalaya. Apolisi anamugwetsera Gimbad m'matope, kumupondaponda mpaka mano awiri anatsala pansi.

"Msiyeni!" anatero Lojimin, mtima utamupweteka. "Za pabanja izi."

Mkulu wa apolisi anapukuta nsapato yake paudzu. "Kukhapa nduna ndi ndende ya zaka, Datuk. Koma mukathana mwamwambo lero lomwe, ine sindinaone kanthu."

Mwambo wa sogit ankaudziwa ndi ana omwe: magazi akakhetsedwa pakati pa abale, pamaphedwa nkhumba yamoyo kuti mudzi uzizire. Anthu anayang'anana. Makola onse anali pululu.

Soinim, mkazi wa Gimbad, anasendera pafupi ngati akufuna kumanga bala la nduna, n'kunong'oneza.

"Alamu, mapanga awiri avumbwitsa. Nkhumba zija munabisa kutsidya kwa mtsinje, m'munda mwanu mwa mphira, timazimva zikulira. Imodzi yokha basi. Ndakugwirani mwendo."

Lojimin anayang'ana mkulu wake akulavula magazi. Anayang'ananso atolankhani, amene anali tcheru ngati agalu pamaso pa fupa. Kutulutsa nkhumba imodziyo kunali kutaya mpando, ndipo munthuyu mpando ankaukonda kuposa mkono wake womwe.

"M'dera lino mulibe nkhumba yotsala," ananena mokweza. "Mtengeni."

Anamuponya Gimbad m'galimoto ngati thumba la mpunga. Sanalire, anangomuyang'ana mng'ono wakeyo mpaka galimoto inakhota.

Chisankho Lojimin anapambanadi, atamanga bandeji yoyera imene ankaikweza pamsonkhano uliwonse. Paphwando lake panali nyama ya nkhumba yonona, ndipo palibe anafunsa kumene yachokera. Mbale imene anatumiza kwa Soinim inabwerera yosakhudzidwa, pamwamba pake pali mano awiri.