Malezala Atatu ku Valavu ya Utsi

Amuna anga a Goliati ankayenda ndi chiguduli m'thumba lakumbuyo, ndipo munthu akangotulukira pamsewu ankachisolola n'kuyamba kupukuta manja. Manjawo anali oyera ngati a aphunzitsi. Girisi yense wa pagalaja yathu ku Namitambo ankathera m'zikhadabo zanga, koma chikwangwani cha pamtengo wa mango chinkati GOLIATI MAKANIKO.

Tsiku lina mu Meyi 1997 anapukuta mpaka chiguduli chinatsala pang'ono kung'ambika. Galimoto ya matola inali itaima pakhomo, amuna anayi akutsitsa injini ya dizilo ya pisitoni imodzi, yadzimbiri, yonunkha matope. Mwini wake anatsika kutsogolo, mayi wamtali wovala nsapato zachimuna.

"Ndine Mayi Maluwa, wa ku Kachulu," anatero. "Injiniyi ndi ya boti. Nyanja ya Chilwa itauma muja, boti langa linagona pamatope zaka ziwiri. Madzi abwerera, anthu a pachilumba cha Chisi akufuna kuwoloka, koma iyi ikungotsokomola. Eni zigayo anandiuza kuti kuno kuli dzanja."

"Sananame," anatero amuna anga. "Ilowetseni kumpanda, ndiiganizire."

Kumpanda ndiye kunali kwanga. Bambo anga ankakonza injini pa esiteti ina ku Namadzi, ndipo popeza analibe mwana wamwamuna, amene ankawagwirira sipanala ndinali ine. Sukulu ndinalekeza sitandade 8. A Goliati atabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu anandiuza kuti palibe angabweretse injini kwa munthu wamkazi, ndipo nthawi imeneyo sankanama. Tinagawana: iwo dzina, ine ntchito. Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Koma chikwatiwireni mwana wathu Nester ku Kadewere, mpandawo unayamba kundichepera. Lole ikamadutsa ndinkasiya chimene ndagwira n'kumaimvetsera mpaka itazimirira.

Masiku atatu ndinakhala pa injini ya botiyo. Ndinatsuka thanki, ndinachotsa matope munjira za madzi, ndinapala mavalavu mpaka anawala. Tsiku lachinayi m'mawa, chitsulo chili chozizira, ndinatchera kampata ka mavalavu n'kutseka chivindikiro. Kenako a Goliati anaitana anthu kuti ainyamulire kubwalo.

Mayi Maluwa anabweranso masana ndi galimoto ija, amuna aja ali momwemo. Anzawo a bawo a amuna anga anali atazungulira kale injini, itamangidwa pamigogo, mgolo wa madzi oiziziritsa uli pambali. Ine ndinakhala pakhomo la mpanda ndi lichero la mtedza. A Goliati anapukusa handulo kawiri, injini n'kudzuka. Inkalira bwino, ndipo pansi pa kugunda kwakeko kunkamveka kaphokoso ka mavalavu, ke ke ke, kamene ine ndinkakadikira.

"A Goliati," anatero a Stefano, mnzawo wa bawo amene pakamwa pawo sipankatsekeka, "kodi mwaiwalamo makina osokera? Ikumveka ngati telala wa pamsika wa Namadzi."

Anthu anaseka. Amuna anga sapirira kusekedwa. Anazimitsa injini, anatsegula chivindikiro, anatenga sipanala n'kumanga zomangira zonse ziwiri mpaka kampata konse kanatha. Atailizanso, kaphokoso kaja kunalibe.

"Mwamva? Zii," anatero, akusolola chiguduli.

"Dzanja ndi limeneli," anatero a Stefano.

Mayi Maluwa anagwedeza mutu n'kuuza amuna aja kuti aikweze.

Ndinaswa mtedza umodzi, kenako wina. Bambo anga ankati chitsulo chikatentha chimafufuma, n'chifukwa chake valavu umaisiyira kampata. Ukaimana, ikatentha siitseka, ndipo injini imafa pamene waifunitsitsa. Nyanja ya Chilwa ndinali ndisanaionepo. Koma ndinaona boti lodzaza amayi ndi matumba a mpunga, ana ali kumsana, mwera wa mu Juni ukuwomba, injini ili zii monga a Goliati anafunira.

"Musaikweze," ndinatero.

Aliyense anacheuka.

"Mayi a Nester, mtedza ukukudikirani," anatero amuna anga, osandiyang'ana.

"Udikira. Injiniyi ikafera pakati pa madzi."

"Malodza," anatero a Stefano. "Thadzi lalira kokoliko."

"Tambala akasochera, thadzi litani?" ndinawayankha. Ndinaika lichero pansi n'kupita kwa Mayi Maluwa. "Musamvere ine, musamverenso iwo. Tili ndi kachigayo koyesera apo. Tiimange lamba, igaye ndowa ziwiri za chimanga. Ikazimaliza, ndidzagwada pano kupepesa."

Mayi Maluwa anayang'ana manja a amuna anga, kenako anga. Sanafulumire.

"Mangani lamba," anatero.

Ndowa yoyamba inatha bwinobwino, ndipo a Stefano anayamba kusesa ndi phazi malo oti ndigwade. Yachiwiri itafika pakati, utsi unada. Injini inatsokomola, inabwerera, inatsokomolanso, n'kuima. A Goliati anathamangira handulo. Anapukusa mpaka thukuta linanyowetsa malaya, koma handuloyo inkangozungulira mopepuka, popanda choikaniza. Anthu a bawo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira kuti mbuzi zake sanamangirire.

"Konzanitu," anandiuza Mayi Maluwa.

"Lero ayi. Yatentha. Mavalavu amatcheredwa chitsulo chili chozizira. Mugone kuno, mudzaone mawa."

Madzulo amenewo amuna anga sanadye. Anakhala pakhonde kuyang'ana chikwangwani chawo.

"Mwandivula pagulu," anatero.

"Mwadzivula nokha. Ine ndinakuvekani zaka zonsezi."

"Mukanandinong'oneza."

"Mukanandifunsa musanagwire sipanala."

Kunja kutacha sindinalole kuti injini ibwerere kumpanda. Ndinavala ovolosi ya bambo anga n'kukhala pabwalo, pamene aliyense wopita kumjigo ankandiona. Ndinaika dzanja pamutu wa injini. Panali pozizira ngati mtsuko. Ndinatsegula chivindikiro, ndinazunguza gudumu lalikulu pang'onopang'ono mpaka pisitoni inafika pamwamba, mavalavu onse awiri atatseka. Mwamwayi anali asanapse. Kenako ndinatulutsa kachitini ka mafuta odzola momwe ndimasunga malezala akale.

"Mumeta nayo injini?" anafunsa Mayi Maluwa, atanjuta pambali panga.

"Muyeso wake ndi umenewu. A m'tauni ali ndi timipeni tolembedwa manambala. Bambo anga anali ndi malezala. Awiri ku valavu ya mpweya, atatu ku ya utsi, chifukwa ya utsi ndiyo imatentha kwambiri."

Ndinamasula nati, ndinabweza chomangira, ndinalowetsa malezala awiri ophatikiza pakampata. Apa m'pofunika zala. Malezala akamadutsa osakhudza, kampata kakula. Akakakamira, kachepa. Ayenera kudutsa akukoka pang'ono, monga momwe mpeni umalowera m'papaya losapsetsa. Ndinagwira chomangira kuti chisasunthe, ndinamanga nati, n'kuyesanso, popeza nati imaba kampata ukamamanga. Ku valavu ya utsi ndinabwereza katatu ndisanakhutire.

Handulo inakaniza ngati mbuzi yokana kumsika, kenako injini inadzuka. Ke ke ke. Inagaya ndowa yotsala ija, inagaya za akazi atatu amene anaima kudzaonerera, utsi uli woyera.

"Kaphokosoka musadzalole munthu akachotse," ndinauza Mayi Maluwa. "Tsiku limene kadzasowe, musadzakweze anthu."

Anaimirira n'kusasa chitenje. "Ku Kachulu kuli maboti asanu ogona ngati langali. Makaniko timachita kukatenga ku Zomba, akafuna kubwera. Kuseri kwa sitolo yanga kuli kachipinda. Kuli udzudzu, dzinja kumabwera kolera, ndipo asodzi pakamwa pawo m'poipa kuposa pa bambo a dzulo aja. Sindikukunamizani. Galimoto inyamuka tikangokweza injini."

Sanadikire yankho. Anapita kukakalipira amuna omanga zingwe.

Ndinalowa m'nyumba n'kutsitsa chikwama chimene ndinapita nacho kuchipatala pokabereka Nester. A Goliati ananditsatira n'kuima pakhomo.

"Mudzi uno ndi wanu," anatero. "Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Mkamwini ndine. Amene amamanga katundu ndi mkamwini. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati mwatsala ndi chikwangwani."

"Nanga Nester?"

"Ali ndi nyumba yake. Kachulu si Joni, adzandipeza."

Ndinaikamo zitenje ziwiri, juzi, buku la nyimbo ndi kachitini kaja. Iwo analankhula motsitsa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo.

"Lolemba kukubwera injini ya chigayo ya ku Mbombwe. Ndinalonjeza kale."

Ndinatsegula kachitini, ndinawerenga malezala asanu n'kuwaika pawindo.

"Awiri ku mpweya, atatu ku utsi. Ikhale yozizira. A Stefano akaseka, sekani nawo."

Masipanala anga ankagundana m'chikwama, ndipo ndinasowa chowakulungira. A Goliati anali atasolola kale chiguduli chawo, akupukuta manja. Ndinachilanda. Ndinachitambasula pamphasa kuti ndione ngati chingakwane, ndipo m'pamene ndinaona kuti chinalibe banga ngakhale limodzi. Ndinapukutira manja anga, mbali zonse ziwiri, mpaka chinada. Kenako ndinakulunga masipanala, ndinamanga mfundo, n'kutseka chikwama.

Panja galimoto inaliza hutala.