Mabatani a Adona

"Bambo, manja kumbuyo."

Ndinali nditadzuka kale pabenchi. Mwana wanga anali ataima pakati pa chipinda, lilime lili panja, akulimbana ndi batani la malaya a ntchito amene anamupatsa kuti ayesere. Batani linkalowa theka n'kutulukanso. Zala zake zazifupizo zinkaterereka ndi thukuta. Kwa ine telala, kuonerera zimenezo kunali ngati kuona munthu akudula nsalu ndi mpeni.

"Ndingomuyambira basi," ndinatero.

"Mukamuyambira lero, mawa mudzamumalizira. Khalani pansi."

Amene ankandilamulawo anali aphunzitsi ake, mayi wamfupi wa mawu otsika, amene sankadziwa kufulumira. Pasukulu imeneyo, ya ana ndi achinyamata amene nzeru zawo zimakula mochedwa, ogwira ntchito onse ankayenda manja ali kumbuyo ngati apolisi. Mwana akamalimbana ndi supuni, chisa kapena chingwe cha nsapato, mphunzitsi ankaima pambali pake, n'kumuuza ndi pakamwa, koma osagwira. Ine ndinkaona ngati ulesi umene anaupezera dzina labwino.

Mwana wangayo timamutchula kuti Adona. Mayi ake atamwalira, iye adakali wamng'ono, ntchito yomuveka inagwera ine. M'mawa uliwonse ankaima pafupi ndi bedi, n'kutambasula manja, mutu uli m'mwamba, kudikira wantchito wake. Dzinalo linachokera pamenepo. Zovala zake zonse ndinkasoka ndekha, ndipo panalibe ngakhale chimodzi cha batani. Masiketi anali a lasitiki, mabulauzi ongolowetsa mutu, madiresi a zipi yakumbuyo imene ndinkakoka ineyo. Ndinkanyadira kuti mwana wanga savutika ndi kanthu.

Koma chaka chimenecho chinali chake chomaliza m'kalasi. Kuseri kwa makalasi kunali nyumba yochapira, kumene ophunzira akuluakulu ankachapa ndi kusita zofunda za m'mahotela. Adona ankaifuna ntchitoyo ndi mtima wonse. Tikamadutsa ankaima pazenera kununkhiza sopo, ndipo kumuchotsapo inali nkhondo. Lamulo la kumeneko linali lakuti wolowa azitha kuvala ndi kuvula malaya a ntchito yekha, chifukwa akanyowa palibe womuthamangira. Wolephera ankabwerera kunyumba kukakhala. Kwa Adona zimenezo zikanatanthauza kukhala pampando kuseri kwa makina anga tsiku lonse, kuyang'ana msana wanga.

Tsiku limenelo batani linamukana mpaka analira. Poweruka ndinapempha malayawo kuti ndikawachape. Nditafika kushopu ndinathothola mabatani onse n'kuikapo zipi yabwino, yosagwira.

M'mawa mwake aphunzitsi anawatembenuza uku ndi uku, n'kuyendetsa chala pamsoko.

"Ntchito yabwino iyi. Yowongoka ngati yakufakitale."

"Zikomo," ndinatero.

"Mawa mubwere nawo ali ndi mabatani."

"Mayi, dziko lonse likuvala zipi. Bwanji mukuzunza mwana ndi zinthu zachikale?"

"Malaya awa akadzatha, adzapatsidwa ena ngati a anzake. Kodi chovala chilichonse chimene adzavale pamoyo wake mudzasoka ndinu?"

"Nanga ndani? Ine ndilipo."

"Lero mulipo," anatero, akundibwezera malayawo.

Mawu amenewo anandipsetsa mtima, moti mabataniwo ndinawabwezera mokwiya, ulusi wake wokwanira kumangira mbuzi. Aphunzitsi anawonjezanso china: kunyumba nako azivala bulauzi ya mabatani, ndipo ine manja kumbuyo.

M'mawa wathu unasanduka chionetsero. Adona ankatambasula manja monga mwa nthawi zonse, ine n'kuima chapatali nditagwira dzanja langa lamanja ndi lamanzere ngati ndagwira wakuba.

"Ababa, ndivekeni."

"Sindingathe. Aphunzitsi akaniza."

"Aphunzitsi kulibe kuno."

"Amaona patali amene aja."

Ankaponya bulauzi pansi, kutola, kuyesa, kulira, kuyesanso. Tiyi ankazizira. Basi inkatisiya pafupipafupi mpaka kondakitala anatizolowera, n'kumatibayibitsa akamadutsa. Ine ndinkangobwereza mawu amene ndinamva kusukulu: "Yamba pansi. Peza bowo. Kankha ndi chala chachikulu." Mtima unkandipweteka, sindibisa.

Kenako m'mawa wina anatuluka m'chipinda atamanga onse. Anali atadumpha bowo limodzi, choncho kolala ina inali kukhutu, mbali ina ya bulauzi ikulendewera. Nkhope yake inali ngati wapambana mpikisano. Zala zanga zinayabwa. Kukonza kukanatenga nthawi yongophethira diso, koma nditangosuntha anabwerera m'mbuyo n'kuphimba pachifuwa ndi manja onse awiri.

Tinayenda choncho msewu wonse. Wometa wa pafupi ndi shopu yanga anatiwona ali pakhomo pake.

"Atelala, ndi sitayilo yatsopano imeneyo? Mundisokereko yanga!"

"Yambani mwaphunzira kumeta mowongoka," ndinamuyankha, koma manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Mwana wa telala kuyenda ndi bulauzi yokhota pamaso pa makasitomala!

Kusukulu ndinayamba kudandaula tisanalonjerane n'komwe.

"Wamanga yekha?" anafunsa aphunzitsi.

"Eya, koma mokhota."

"Ndiye kuti wamanga. Kuwongola n'kwa mwezi wamawa."

Sunali mwezi wamawa, inapita miyezi ingapo. Koma chaka chisanathe Adona analowa m'nyumba yochapira. Anamupatsa tebulo lopindira mapilo ndi matawulo, ndipo madzulo ankabwera akununkhira sopo, akundiuza amene wapsereza nsalu ndi amene wagona pantchito.

Chaka chotsatira, ndikudula suti ya kasitomala, sizasi inandipulumuka m'manja n'kugwa pansi. Ndinawerama kuti nditole, dzanja osamva. Ndinadzidzimukira m'chipatala, adokotala akunena za sitiroko. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka pang'ono, koma dzanja lamanja linangokhala pamwendo ngati la munthu wina.

Mlongo wanga wamkulu anabwera kudzatisamala. Ndi munthu wabwino, wa manja ofulumira ngati anga, ndipo akaganiza chinthu amakhala atachita kale. Ankandisambitsa, kundiveka, kundidyetsa, ngakhale kundimalizira mawu. Anamuimitsanso Adona kupita kuntchito kuti iye asamavutike ndi kumuperekeza. Pasanapite nthawi anandiuza zimene anakonza.

"Achimwene, ine ntchito ikundidikira kwathu. Inu mnyamata wanga wamkulu adzabwera kudzakhala nanu. Koma mwanayu ndikupita naye."

"Kwanuko kulibe sukulu ngati iyi."

"Sukulu ya chiyani? Azikakhala pakhomo, azidya, azisamba. Inuyo panopa mungamuveke? Mungadziveke nokha?"

Chikwama cha Adona anachilongedza n'kuchiika pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense wodutsa ankachipewa ngati galu wogona.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinati ndiwaperekeze kubasi. Mlongo wanga ali kukhitchini, ndinatenga shati ndekha. Ndinalowetsa dzanja lakufalo, kenako linalo, n'kukhala pabedi thukuta lili kamukamu. Anatsala mabatani. Ndi dzanja lamanzere lokha, batani linkalowa theka n'kutulukanso. Ndinalitukwana, ine amene ndinalisoka.

Chitseko chinatseguka. Anali Adona, ndipo sanavale diresi la paulendo limene azakhali ake anamuikira pampando. Anavala malaya ake a ntchito, amene anakawatulutsa yekha m'chikwama muja, mabatani onse ali m'malo mwake kuyambira pansi mpaka pakhosi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana shati. Ndinatambasula dzanja langa labwinolo, mutu uli m'mwamba, monga ankachitira iye kale. Ndinkaganiza kuti aseka n'kundithandiza.

Sanaseke. Anabwera pambali panga n'kuika manja kumbuyo.

"Yambani pansi, Ababa."

Mlongo wanga analowa akupukuta m'manja. "Kodi iwe wavala chiyani? Ndipo bambo ako akuvutika iwe ukungoyang'ana? Tachoka apo." Anawerama kuti agwire shati yanga.

Adona analowa pakati pathu. Ndi wamfupi, koma ndi wotambalala, ndipo akaima waima.

"Azakhali, manja kumbuyo."

"Ukuti chiyani?"

"Manja kumbuyo. Mukawayambira lero, mawa mudzawamalizira."

Mlongo wanga anandiyang'ana kuti ndimudzudzule mwanayo. Ine ndinayang'ana batani.

"Pezani bowo," anatero Adona ndi mawu otsika a aphunzitsi ake. "Ayi, ilo si bowo. Ilo. Kankhani ndi chala chachikulu. Musalire, Ababa. Yesaninso."

Sindinkalira, linali thukuta, ngakhale mwina osati lonse. Batani loyamba linalowa. Lachiwiri linandivuta kwambiri moti mlongo wanga anachita kukhala pampando n'kukhalira manja ake. Panja tinamva basi yawo ikuimba hutala pakona, kenako ikupita.

Nditamanga lomaliza ndinaimirira n'kudziyang'ana pagalasi. Ndinali nditadumpha bowo limodzi. Kolala ina inali kukhutu.

"Taonani mmene zakhotera," anatero mlongo wanga. "Imani ndikonze, anthu angakusekeni."

"Amanga okha," anatero Adona. "Tiyeni, Ababa, ndachedwa kuntchito."

Anakankha chikwama chija ndi phazi kuti chitseko chitseguke bwino, n'kundigwira dzanja lakufalo. Mlongo wanga anatitsatira mpaka pakhonde, koma sanatiitane.

Wometa anali pakhomo pake akusesa tsitsi. Anayang'ana malaya a Adona, owongoka ngati msoko wa makina, n'kuyang'ana shati yanga. Anatsegula pakamwa, kenako anatseka, n'kuchotsa tsache panjira kuti tidutse.