Galimoto ya Malemu Andireya Inabangula pa Maliro a Rute

Amene anachititsa manyazi Lidia wa ku Msakambewa ndi mlamu wake Bonifasi, palibenso wina. Anatenga galimoto yofatsa ya malemu Andireya, mkulu wake amene anali mwamuna wa Lidia, nkuisandutsa chilombo, dala, atauzidwa kuti ayi.

Inali pikapu yakale yoyera. Andireya ali moyo inkanyamula mtedza ndi fodya, koma anthu ankaidziwira maliro. Ikanyamula bokosi inkayenda mwaulemu ngati munthu wamkulu, amayi a kwaya akuimba pambuyo, liwu lililonse likumveka. Andireya atamwalira, Lidia anapereka makiyi kwa Bonifasi, poti iye chiwongolero sanachigwirepo.

Ndiye Rute, mnzake wa Lidia wa mu kwaya, anadwala. Ali gone pamphasa anamugwira dzanja nati, "Anzanga, ine ndikapita mudzandikweze ya Andireya. Mwamuna wanga anapita pa yomweyo. Mudzandiimbire njira yonse mpaka kumanda."

"Siyani zimenezo inu," anatero Lidia, koma analonjeza.

Masiku omwewo galimoto inayamba kubanika pokwera zitunda. Lidia ndi Bonifasi anapita nayo kwa Jamal, makaniko wa pa Dowa Boma. Jamal anakwawira pansi pake, natuluka akupukuta manja.

"Mayi, katalisiti yatsekeka. Ndi chitsulo chosefa utsi usanatuluke kumbuyoku. Ndili nazo ziwiri. Iyi ndi yonga imene inalimo, galimoto iziyenda chete. Inayi ili ndi mabowo akuluakulu, utsi umatuluka msanga, mphamvu imawonjezekako pang'ono. Koma mukaiphatikiza ndi paipi yonenepa imene a Bonifasi akufunayi, nkuchotsanso sailensa yochepetsa kulira kwa injini, phokoso lake musadzandide."

"Ikani yachete," anatero Lidia.

Bonifasi anaseka. "Alamu, inu zanu ndi nyimbo. Mapiri a ku Ntchisi aja mungawakwere ndi nyimbo?"

"Ndati yachete. Galimotoyi ndi ya ana a Andireya."

"Chabwino alamu, yachete, yachete."

Lidia atangotembenuka kupita kwawo, Bonifasi anakanong'oneza Jamal kuti alamu asintha maganizo. Bodza la masana dzuwa likuswa mtengo! Galimoto ija anaisunga ku Boma komweko, namayenda nayo maulendo a ku Ntchisi. Lidia sanaimvepo ikulira.

Rute anamwalira. Tsiku loika maliro Bonifasi anabwera mochedwa, ndipo onani kuchenjera kwake: anatsetsereka chitunda chonse injini atazimitsa, nafika pasiwa mwakachetechete. Lidia mtima unakhala pansi. Adzukulu, amuna okumba manda aja, anakweza bokosi. Amayi anandanda pambuyo atavala zoyera, ndipo Lidia anayambitsa nyimbo imene Rute ankaikonda.

Bonifasi anapotoza kiyi.

Mayi wanga ine! Chinabangula chinthucho ngati phiri likugumuka. Ana anabalalika akulira. Mayi wina wachikulire anagwa chagada. Ng'ombe zimene zinali pa ngolo chapafupi zinathawa ndi ngolo yomwe, kulowa m'munda wa chimanga wa eni ake. Nyimbo ya Lidia inadukira pomwepo.

Njira ya kumanda kumeneko ndi yokwera. Bonifasi akaponda moto, chilombo chija chinkakuwa kuposa poyamba. Lidia anayesa kukweza mawu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, koma iye mwini sankadzimva. Amayi anzake ankangooneka milomo ikugwedera. Rute ankapita kumanda popanda nyimbo.

Sanafike ndi pakati pa chitunda pomwe. Wamkulu wa adzukulu anaima kutsogolo namenya boneti ndi chikhatho.

"Zimitsa, iwe! Ukufuna udzutse onse agona ukowo?"

Bonifasi anazimitsa injini. Adzukulu anatsitsa bokosi nalisenza pamapewa. Susana, mwana wa Rute, podutsa pafupi ndi Lidia sanatukwane ayi. Anangoti, "Amayi ankati inu simunganame." Bola akanamumenya mbama.

Lidia anapita pa zenera la galimoto natambasula dzanja.

"Makiyi."

"Alamu, koma mwaona mmene imakwerera? Giya yachiwiri yokha!"

Pa maliro, munthu akukamba za giya! Lidia anazula makiyi yekha nawamanga pa mfundo ya chitenje. Anaika miyala kumatayala ndi manja ake, nathamangira bokosi. Nyimbo anaiyambanso, koma mawu anali atasasa kale, amene anaimaliza ndi anzake.

Mawa lake galimoto inakokedwa ndi ng'ombe mpaka pakhomo pa Lidia. Jamal anabwera, manyazi ali m'maso, nachotsa zonse zija nkuika yachete. Tsopano ikulira bwinobwino ngati kale. Koma ithandiza chiyani? Munthu saikidwa kawiri.

Lero kuli ena akuti Lidia anaonjeza kulanda mwamuna makiyi pagulu, akuti abweze, mlamu ndi mlamu. Inu mukuwerenganu, musangopukusa mutu. Bonifasi akabwezeredwa makiyi, Rute adzamubwezera nyimbo yake ndani? Ndiyankheni!