Lole Yoyang'ana Kumtunda

Ketulo inali itangowira pamene sitata ya lole inayambanso kulira panja ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Mayi a Mzime anaiphula ndi kansalu n'kutuluka nayo, atavala juzi la amuna awo. Kunja kunali kusanayere bwino. Lole inali pamalo pake pabwalo, mutu utayang'ana nyumba, boneti ili yasa. Bambo a Mzime anali pampando, dzanja lili pa kiyi.

"Thirani pomwe paja," anatero osacheuka n'komwe.

"Ndikupadziwa. Lole imeneyi ndaisambitsa kuposa ana anga."

Anakwera pa kabokosi n'kuthira madzi otenthawo pa injini. Nthunzi inawamenya kumaso. Sitata inazungulira, inazunguliranso, injini n'kutsokomola, kugwira pang'ono, n'kuzima. Patapita nthawi inagwira ndithu, koma ikunjenjemera, lole yonse ikugwedezeka mpaka galasi la m'mbali kumachita phokoso. Utsi woyera unatuluka kumbuyo n'kutsetsereka kulowera kugeti.

Zinkakhala choncho m'mawa uliwonse. Loleyo sinali yawo. Mwini wake anali bwana wogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo ankalola dalaivala kugona nayo kwawo kuti azilawirira kukatenga katundu. Tsopano kulawirirako kunali kutatha. Bwanayo anali atanena kale kuti pageti pake pamaima madalaivala ambiri ofuna ntchito.

Mkulu wawo wa bambo a Mzime anali makaniko, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a Sipanala. Iwo anali atasintha batire. Anali atasinthanso mapulagi otenthetsa injini, kenako fyuluta ya dizilo. Koma lole ikamafika ku galaja kwawo inkakhala itatentha kale, ikulira bwinoko, moti a Sipanala ankangoimvetsera n'kupukusa mutu.

Masana a tsikulo, pochokera kumsika, mayi a Mzime anapatukira ku galajako. Anapeza miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa minibasi.

"Alamu, mawa mubwere kwathu kusanache."

A Sipanala anatulutsa mutu. "Kusanache? Mlamu, ine ndimakonza magalimoto, sindine tambala."

"Inu mumaiona masana itachira. Bwerani mudzaione ikudwala."

"Mng'ono wanga akuti ndi kuzizira."

"Mng'ono wanu amakhala pampando. Wonyamula ketulo ndine."

A Sipanala anaseka, akupukuta manja ndi sanza. "Tiyi adzakhalapo?"

"Mukadzaichiritsa. Pano madzi onse amamwa ndi lole."

M'mawa mwake anafikadi pa njinga, chikwama cha zitsulo chili kumbuyo, chipewa chitaphimba makutu. Asanapereke n'komwe moni anakweza dzanja.

"Kiyi musamukhudze. Ketulo nayonso ikhale komweko."

Anatsegula boneti n'kugwira injini ndi chikhatho, inali zii. Anagwedeza mawaya a batire, anali olimba. Anagwada n'kusuzumira pansi, panali pouma, popanda ngakhale dontho la dizilo. Kenako anakwera pa kabokosi ka mayi a Mzime kaja n'kudina kapampu kapamanja kamene kali pamwamba pa fyuluta. Kanangolowa fwaa, osalimba.

"Ehe," anatero. "Muno mulibe kanthu."

Anayamba kupopa ndi chala chachikulu. Anapopa mpaka kapampuko kanayamba kukana, kenako kanalimba gwa.

"Lizani tsopano."

Bambo a Mzime anapotokola kiyi. Injini inagwira nthawi yomweyo, popanda kupemphedwa. Mwamunayo anasuzumira pazenera la lole kukamwa kuli yasa.

"Achimwene, mwaipatsa chiyani?"

"Chakudya chake chomwe. Koma tamverani, ikudumphabe. Zimitsani."

A Sipanala anamasula kapayipi kakuda kolowa mu fyuluta n'kuikapo kena koonekera mkati. Injini italiranso, anakodola onse awiri. Mayi a Mzime anakwera pa kabokosi. M'kapayipimo dizilo ankayenda, koma pamodzi naye munkadutsa tithovu ting'onoting'ono ngati mikanda yoduka. Tithovu tikachuluka, injini inkadumpha.

"Ndi mpweya uwo," anatero a Sipanala. "Penapake pakati pa thanki ndi injini pali kampata. Sikadontha dizilo ayi, kamayamwa mpweya. Lole ikagona, mpweya umalowa pang'onopang'ono, dizilo n'kumabwerera ku thanki. M'mawa injini imadzuka kukhosi kuli gwa. Sitata ija imalira chifukwa ikukoka dizilo kuchokera kutali."

"Ndiye madzi anga otentha aja?" anafunsa mayi a Mzime.

"Munkasambitsa munthu wa ludzu, mlamu."

Mayiwo sanaseke. Anangoyang'ana zala zawo, pomwe nthunzi inawawaula.

"Koma n'chifukwa chiyani zayamba pano?" anafunsa bambo a Mzime. "Si kuzizira kumeneku?"

"Kuzizira kukungothandizira. Zinayamba liti kwenikweni?"

"Kutangoyamba kuzizira."

"Ayi," anatero mayi a Mzime. "Zinayamba sabata yomwe tinatuluka kuchipatala ndi Mzime. Tsiku loyamba kuwiritsa madzi a lole ndinali ndisanachape n'komwe zofunda zomwe tinali nazo kuchipatalako."

A Sipanala anatsika pa lole. Anayang'ana kugeti, kumunsi, n'kuyang'ananso kunyumba, kumtunda. Bwalolo linali lotsetsereka, mvula ikagwa madzi onse ankathamangira kumsewu.

"Kale munkaimika chonchi?"

Sankaimika choncho. Zaka zonse bambo a Mzime ankalowa chafutambuyo, mutu wa lole n'kuyang'ana kugeti, kumbuyo kwake n'kuima pafupi ndi khoma la nyumba. Pakhoma limenelo panali zenera la chipinda chomwe ankagona Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza, ndipo zeneralo silinkatsekeka bwino. M'mawa uliwonse injini ikamatenthetsedwa, utsi unkalowa m'chipindamo. Palibe ankaganizapo kanthu mpaka tsiku lomwe mwanayo anabanika ndi mphumu, milomo n'kusintha mtundu. Bambo ake anali paulendo. Mayi ake anamubereka okha kuthamangira kuchipatala, ngakhale anali atakula kale moti miyendo inkawamenya m'mawondo. Kumeneko namwino anafunsa ngati pakhomo pali wosuta fodya. Panalibe wosuta. Panali lole. Atabwerako, mayi a Mzime anauza amuna awo kuti azilowa chamutu, ekizozi yotulutsa utsi ija iziyang'ana kugeti.

"Basi, nkhani ndi imeneyo," anatero a Sipanala. "Kampata kaja kayenera kuti kanalipo kalekale. Koma mutu ukayang'ana kumunsi, injini imakhala m'munsi mwa thanki, dizilo alibe kothawira. Pano injini ili kumtunda, thanki kumunsi. Dizilo nayenso ndi waulesi, amakonda kutsetsereka."

Bambo a Mzime anaseka kuchokera pansi pa mtima, kuseka kwa munthu amene watula katundu. Anamenya chitseko cha lole ndi chikhatho.

"Zomwezo? Batire, mapulagi, kutukwanidwa konse kuja, chifukwa cha kaimikidwe? Madzulo ano ndilowa chafutambuyo ngati kale."

"Ekizozi iyang'ane kuti?" anafunsa mayi a Mzime.

Kuseka kuja kunatha.

"Kwa masiku ochepa chabe, mayi. Mpaka zinthu zikhale bwino ndi bwana."

"Ndafunsa kuti iyang'ane kuti."

"Titseka zenera ndi makatoni."

"Ndinatsekapo. Utsi sufunsa katoni."

"Ndiye mwana azigona pabalaza."

"Zenera la pabalaza lili pakhoma lomwelo. Nyumba yanu yomwe simukuidziwa?"

"Kunja kwa geti kuli pathyathyathya," anatero bambo a Mzime, mawu atayamba kukwera.

"Mukaisiye kumsewu," anayankha a Sipanala, "mawa mudzapeza dizilo sanabwerere ku thanki. Adzakhala atapita ndi thanki yomwe."

Bambo a Mzime anatembenukira kwa mkulu wawo. "Ndiye tsekani kampatako pompano."

"Ndikanakadziwa pomwe kali. Kangakhale pa kapampu aka, kangakhale pa mfundo ya payipi, kangakhale mkati mwa thanki. Mpofunika kutsata payipi yonse, mwina kutsitsa thanki. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu lole ili chiimire, ndipo wovomereza ndi mwini wake. Pakadali pano mutha kumapopa m'mawa ngati ndachitira inemu. Idzalira. Koma kampata sikachepa, kamakula. Tsiku lina idzakuzimirani pamtunda mutasenza simenti."

"Ndikamuuze bwana kuti zonse tinasintha zija sizinali zimenezo? Ndiponso kuti lole iime tsiku lonse? Achimwene, munthu uja simukumudziwa. Akangoti bweretsa kiyi, pakhomo pano tidya chiyani? Utsi?"

Injini inkangodumphadumpha. Mayi a Mzime ankadziwa kuti amuna awo sakunama. Ntchito ija ndi yomwe inagula kabotolo kopopera m'kamwa komwe kanali pansi pa pilo wa mwana. Ankadziwanso kuti mwamunayo si woipa mtima. Kungoti tsiku lija kunalibe. Anamva nkhaniyo pafoni, ndipo pobwera anapeza mwana akusewera. Mphumu ankaidziwa ngati mawu chabe.

Mayiwo analibe mphamvu zokangana. Anagwira amuna awo pa mkono wa jekete.

"Tabwerani."

Anawatsogolera kumbuyo kwa lole n'kuwaimika pafupi ndi ekizozi, mtunda womwewo womwe unkakhala pakati pa lole ndi zenera.

"Imani pomwepa. Ine ndikukaika ketulo pamoto. Ikawira muchoke. M'mawa mumaitenthetsa nthawi yoposa pamenepo."

"Mayi, izi ndi zachibwana."

"Mzime ndi mwana. Zachibwana zomwezo amazipuma ali mtulo."

Analowa m'nyumba. Ali pakhitchini anamva a Sipanala akuponda mafuta pang'ono, mwina poyesa injini, mwina dala. Kenako anamva chifuwa. Poyamba chinali chobisa, cha munthu wosafuna kumveka. Kenako chinasweka. Madzi asanayambe n'komwe kulira m'ketulo, bambo a Mzime anali atakhala pakhonde, akupukuta misozi ndi chipewa.

"Mng'ono wanga, nawenso uli ndi mpweya m'mapayipi?" anafuula a Sipanala. "Ndikupope?"

Bambo a Mzime anadzuka n'kupita pazenera lija. Anasuzumira pa mpata wa katani. Mwanayo anali chigonere, dzanja lili kunsi kwa tsaya. Anaima pamenepo kanthawi, kenako anatulutsa foni m'thumba n'kupita nayo kuseri kwa nyumba.

Mayi a Mzime sanawatsatire. Anathira tiyi m'kapu n'kupereka kwa alamu awo. Kuseriko kunkamveka mawu amodzimodzi: "Inde, bwana. Ayi, bwana. Ndamva, bwana." Pena pankakhala chete kwa nthawi yaitali, ndipo ngakhale patali choncho munthu ankatha kumva kafoni kakulalata.

Pobwera, nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wanyowa ndi mvula.

"Akuti iime Loweruka. Akuti ikadzavutanso pambuyo pake, ndikasiye kiyi pa tebulo pawo."

"Sidzavuta," anatero a Sipanala, akupemerera tiyi. "Ikadzavuta mudzabwere ku galaja muzidzandigwirira tochi."

"Ndiphunzitseni kapopedwe kaja, achimwene."

Mayi a Mzime anaona amuna awo akukwera pa kabokosi kaja, komwe kanali kawo masabata onsewa, n'kuika chala pa kapampu. Anakadzutsa ana kuti akonzekere sukulu.

Madzulo ankaanula zovala pamene anamva lole ikukwera msewu. Inaima pageti. Inaima nthawi yaitaliko, injini ikunjenjemera. Mayiwo anasiya shati ili m'manja. Kenako giya inalowa, ndipo loleyo inakwera bwalo chamutu, pang'onopang'ono, mpaka mphuno yake inaima pafupi ndi khonde.

M'mawa mwake anadzuka nthawi yomwe ija, chifukwa thupi linali litazolowera. Anaika ketulo pamoto asanakumbuke n'komwe. Panja kunkamveka kaphokoso kakang'ono, tcha, tcha, tcha, ndi mwamuna akung'ung'udza yekha za kuzizira. Kenako sitata inazungulira kamodzi, injini n'kugwira. Inali ikudumphabe. Za Loweruka ndi za bwana zinali zidakali kutsogolo.

Analowa m'chipinda cha Mzime n'kuika chikhatho pamsana pake. Msanawo unkakwera ndi kutsika mwakachetechete, popanda kamluzu ka mphumu. M'chipindamo munkanunkhira sopo ndi bulangeti basi.

Ketulo inawira. Anaiphula ndi kansalu, n'kuima nayo pakati pa khitchini, akuyang'ana chitseko cha panja. Kenako anatenga kapu yawo, n'kuthira, n'kukhala pansi.